Nambala Yoyendayenda M'chipinda cha Apongozi

Mkamwini akhoza kupondaponda paliponse pakhomo pa apongozi ake, ngakhale kukwera padenga kukakhoma malata, koma kuchipinda kwawo kogona ayi, kumeneko saponda olo nyumba itayaka. Ndiye taonani tsoka la Samson, wokonza mawailesi ku msika wa Kapata: makina ofungatira mazira amene anapanga ndi manja ake, apongozi ake a Dolika a ku Nabvutika anakawaika m'chipinda momwemo poopa akuba ndi amphaka, ndipo Loweruka lina m'mawa makinawo anayamba misala.

Mazirawo sanali a pakhomopo. Anali a amayi onse a mphakati wa ku tchalitchi, ochokera ku Chipangali, ndipo anali atatsala pang'ono kuswa. Samson anakhala pa chidebe kunja kwa zenera, laputopu pamiyendo, waya wake wautali utalowa pansi pa katani mpaka ku makina. Makinawo iye sankawaona, apongozinso sankawaona. Ankangomva mawu.

"Bambo a Molly, mwafika?"

"Ndafika, amayi. Mwadzuka bwanji?"

"Kudzuka ndadzuka, koma dzanja langa lili pa pulagi. Makina anuwa akukazinga mazira a anthu."

"Chonde musazule, amayi. Akazizira panopa, anapiye afera m'kati. Kagalasi kaja kali kutsogoloko kakuti chiyani?"

"Kakuti fili, seveni, kadontho, sikisi, fili, seveni, kadontho, sikisi, fili, seveni..."

"Basi, amayi, basi. Imeneyo ndi nambala imodzi, 37.6. Kutentha kuli bwinobwino."

"Nambala imodzi yotalika ngati msewu wa ku Lundazi? Musandipusitse ine. Apa yadzaza mzere wapansi wonse, ndipo ikubwerabe."

Samson anagwira pachipumi. Dzulo lake anasintha pang'ono malangizo a kabolodi kamene kamalamulira makinawo, ali pa chidebe chomwechi, ndipo tsopano anazindikira chimene anafufuta mwangozi. Mwana wa anthu ameneyu anali wabwino mtima ngati buledi wa m'mawa, koma anali ndi matenda amodzi osachiritsika: ukamufunsa funso amayankha funso lomwelo ndendende, osaonjeza mchere, osachotsa minga.

"Ndapeza vuto, amayi. Ndi kesa."

"Ndani?"

"Kesa. Ndi kanthu kamene kamaloza pakagalasipo pamene chilembo chotsatira chikakhale. Kabolodi kakalemba nambala, kesa amasunthira kutsogolo. Ine dzulo ndinafufuta mwangozi mawu omuuza kuti akamaliza azibwerera pamalo pake."

"Ndiye Kesa ameneyo wakhala ali m'chipinda mwanga masiku onsewa?"

"Inde, amayi."

"Ndi usiku womwe?"

"Ndi usiku womwe. Sagona."

"Ogo! Inu mkamwini simulowa muno, koma mwalowetsamo mnzanu wosagona. Zikomo kwambiri." Mwadzidzidzi mawu anakwera. "Mayo ine! Yakwera pamwamba! Bambo a Molly, yakwera pa dzina langa!"

Pamzere wapamwamba wa kagalasiko Samson anali atalembapo kuti AMAYI DOLIKA, pofuna kugula mtima wa apongozi. Ndipo anaugula ndithu. Amayi a mphakati onse anali atalowa m'chipindamo mmodzimmodzi kukaona dzina lowala ngati la sitolo ya m'tauni.

"Yadya AMAYI!"

"Sinadye, amayi. Yangolemba pamwamba pake."

"Yadya DO! Ndatsala LIKA!"

"Mzere wapansi ukadzaza, kesa amabwerera pamwamba, ndiye..."

"KA! Ndatsala KA, bambo a Molly! Ndikuzula!"

"Dikirani! Ndaimitsa kulemba. Babu likuyakabe, mazira akufundabe, ndangoimitsa kulemba chabe."

Kenaka kupuma kwamphamvu kunamveka kuseri kwa katani.

"Manje ndimuyatsa kesa kuti mumuone," anatero Samson zala zili pa laputopu. "Mukaona kabokosi kakuda, mundiuze."

"Ndakaona."

"Eya. Ndi ameneyo."

"Kakunditsinzinira diso."

"Ndi kuphethira chabe, amayi. Anapangidwa choncho."

"Ine ndimavala chitenje cha bungwe la Anna Woyera. Chimwalirireni bambo a Tiyanjane palibe mwamuna ananditsinzinirapo, ngakhale makondakitala a minibasi amandiopa. Kauzeni kasiye."

"Akasiya kuphethira simumuona."

"Ndiye kaphethirire kukhoma."

"Sizitheka, amayi. Kagalasi kali ndi mbali imodzi."

"Mwano wokhawokha."

Samson anabwerera pa laputopu. Anadziwa kuti nthawi ikamatha ndi makani, dzanja lija lidzatopa, ndipo dzanja lotopa limazula.

"Manje ndifufuta zonse kuti tiyambe bwino."

Anatumiza lamulo. M'chipindamo munamveka mpando kugwa.

"Mwandifufuta!"

"Ndinanena, amayi."

"Munati mufufuta zonse. Simunati mufufuta ine! Ngakhale KA uja wapita!"

"KA ali m'gulu la zonse."

"Mwamva anthu inu? Ndinam'patsa mwana wanga, lero akuti ndili m'gulu la zonse."

"Ndikubwezerani pompano. Mundiuze chabe kuti kesa ali m'bokosi liti. Mukayang'anitsitsa muona timabokosi, mizere iwiri."

"Ali pamwamba, m'bokosi loyamba."

"Ndiye kuti ali pa ziro."

"Ndati loyamba."

"Inde. Makina amayamba kuwerenga pa ziro. Loyamba ndi ziro, lachiwiri ndi wani, lachitatu..."

"Imani pomwepo. Ine ndinabala ana asanu. Tiyanjane, mkazi wanuyo, ndiye chisamba changa, woyamba kubadwa. Ndiye inu munakwatira ziro?"

Munthu wina aliyense akanaseka n'kunena kuti ayi ndithu, amayi, ndinakwatira nambala wani. Koma Samson anaganiza kaye mofatsa, maso ali kumwamba.

"Mwa kawerengedwe ka makina, inde."

Pulagi inalira kuti kwee m'soketi.

"Amayi! Mazira!"

"Mazira akuombolani. Akanakhala anga okha, bwenzi ndazula, ndakazinga, inu n'kudya ndi ziro wanuyo. Bwezani dzina langa."

Samson anapukuta thukuta ndi kolala ya malaya. Anatumiza zilembo, dzina linabwerera.

"Labwera, koma lakanirira kumphepete ngati mlendo wosaitanidwa pa ukwati. Ndikhale pakati."

"Kale linali pomwepo, amayi."

"Kale ndinali ndisanafufutidwe. Ndikhale pakati."

"Chabwino. Ndimatumiza manambala awiri pa waya. Yoyamba ndi 254, youza kagalasi kuti chikubweracho si cholemba koma lamulo. Yachiwiri ndi ya malo. Mzere wapamwamba umayambira pa 128, ndiye kuti mukhale pakati ndituma kesa pa 130."

"Si paja munati umayambira pa ziro?"

"Ziro wakeyo amatumizidwa ngati 128."

"Ha! Ndiye Tiyanjane wakwera mtengo tsopano."

Samson anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti sizikugwirizana, koma dzina linali litafika kale pakati, ndipo kuseri kwa katani kunamveka kung'ung'udza kwa munthu wokhutira amene sakufuna kuti adziwike kuti wakhutira.

"Manje nambala ya kutentha ndiika pansi," anatero. "Mzere wapansi umayambira pa 192."

"Bodza."

"Amayi?"

"Timabokosi ta pamwamba ndawerenga, tilipo sikisitini. 128 kuphatikiza 16 ndi 144. Ine masamu ndinkawamenya ku Chipangali mpaka a sisitere kundiimiritsa kutsogolo kuti anyamata achite manyazi. Mzere wapansi ukuyambira pa 144."

"Masamu anu ndi olondola, amayi, koma pakati pa mizere iwiriyo pali timabokosi tina tosaoneka."

"Tosaoneka."

"Inde. Tilipo, koma kagalasi sikationetsa."

"Poyamba munandibweretsera mlendo wosagona. Manje mukuti muno muli zipinda zina zimene mwini nyumba sindizidziwa? Tumizani 144."

"Ikasowa, amayi."

"Tumizani 144, apo ayi ndizula."

Samson anatumiza 144. Anatero chifukwa anauzidwa kutero, ndipo mumtima mwake munalibe ngakhale kachipongwe kakang'ono, zimene zinapangitsa kuti zinthu ziipe kwambiri.

"Mwatumiza?"

"Ndatumiza."

"Ili kuti?"

"Ili pa 144."

"Sindikuiona."

"Inde."

"Inde chiyani?"

"Inde simukuiona. Ili m'timabokosi tosaoneka tija."

"Ndi Kesa yemwe wasowa!"

"Wapita nayo limodzi."

M'chipindamo munamveka chinthu cholemera chikukwekwereka pa simenti.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikuyang'ana kuseri kwa makina. Ngati athawira kumeneko ndiwapeza."

"Musagwedeze mazira, chonde! Kuseriko kulibe kanthu, kuli mawaya chabe!"

"Kuli mawaya ndi sokosi yanga imene inasowa pa Pasaka. Nambala kulibe."

"Ndiloleni ndiibweze pa 192."

"Ayi. Pa 192 ayi."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Chifukwa mwanena ndinu. Muiike pansi pa D wanga, ndiziiyang'anira ndili pamwamba."

Samson anawerenga ndi zala, kuyambira pa ziro, milomo ikuyenda. "Pansi pa D ndi 192 kuphatikiza 8. Ndi 200."

"Mwaona? Thu handiredi. Nambala yaulemu, yosavuta kukumbukira. Mumalimbana ndi 192 ngati munabadwa naye."

"Koma 200 yachokera pa 192 yomweyo."

"Tumizani, bambo a Molly, dzuwa likukwera."

Anakonza malangizo aja bwinobwino tsopano: kabolodi kakafuna kulemba kutentha, kayambe katuma kesa pa 200, kenaka kalembe. Anatumiza, n'kudikira manja ali m'masaya.

"Yabwera," anatero a Dolika. "Fili, seveni, kadontho, sikisi."

"Kenaka?"

"Kenaka basi."

"Siikuyenda?"

"Yangokhala phee pansi pa D."

Samson anawongola msana. Anayamba kukulunga waya wotsala pachigongono, akuganiza za tiyi amene mwina angabwere kudzera pazenera. Nkhuku ya aneba inadutsa, inamuyang'ana, n'kupitirira.

"Bambo a Molly."

"Amayi?"

"Yafa."

"Chafa n'chiyani?"

"Nambala. Siikugwedezeka."

"Ndi zimene timafuna, amayi. M'mawa munadandaula kuti ikuyenda."

"M'mawa inali yamisala, koma inali yamoyo. Iyi yauma gwa. Mwaipha."

"Sinafe. Ikulembedwa mwatsopano kawirikawiri, koma pamalo omwewo. Yatsopano ikukhala pamwamba pa yakale, ndiye popeza zikufanana simukuona kusintha."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti ndikuona ya tsopano, osati mtembo wa ija yoyamba?"

Funsolo linali ndi mutu, ndipo zimenezo zinamupweteka Samson.

"Kutentha kukasintha, isintha."

"Kukapanda kusintha?"

"Siisintha."

"Ikafa?"

"Siisinthanso."

"Eya! Mwadzigwira nokha. Thadzi likamafungatira limatembenuza ngakhale khosi kuti udziwe kuti lili moyo. Ine ndikutsegula chivindikiro ndipisemo dzanja. Dzanja langa silinama."

"Ayi, amayi! Masiku omaliza ano sititsegula. Chinyezi chikatuluka, kakhungu ka m'kati mwa dzira kamauma n'kumata mwanapiye, amalephera kutuluka."

"Ine ndinayamba kuweta nkhuku inu mukuyenda chinochino opanda kabudula."

"Zoona, amayi, koma nkhuku zanuzo zinalibe chivindikiro."

"Ndiye mukundiphunzitsa?"

"Inde."

Iii, mwana wa anthu! Liwu limodzi lokhalo, ndipo atangolitulutsa anamva yekha kuti waponda pamoto. Koma apongozi asanamuyankhe, m'chipindamo munamveka kamawu kena, kakang'ono, kosongoka ngati singano.

Piyo.

Samson anatchera khutu kuzenera.

Piyo. Piyo.

"Mariya Woyera," ananong'ona a Dolika. "Dzira lina lang'aluka. Ndikuona kamlomo pagalasi la chivindikiro. Kakujompha, bambo a Molly, kakujompha!"

"Zili bwino, amayi! Kasiyeni katuluke kokha."

"Kakuvutika. Katopa kale, taonani kapumira. Ndingotsegula pang'ono ndikathandize ndi chikhadabo."

"Mukathandiza kamodzi mupha ena onse!"

"Mwana akulira inu mukuti ndipinde manja? Simunabalepo inu."

"Sindinabalepo, amayi, koma chonde..."

"Ine sindiuzidwa zochita m'chipinda mwanga ndi munthu wokhala pa chidebe."

Kachitsulo kotsekera chivindikiro kanalira kuti kete. Samson anaimirira, anakhalanso pansi. Anayang'ana zenera, anayang'ana chitseko cha nyumba, miyendo ikufuna kuthamanga koma mwambo utaigwira m'maondo. Anaona m'maganizo mwake amayi a mphakati atafola pakhomo, aliyense akufunsa za mazira ake, apongozi ake atazolika mutu chifukwa chokhulupirira makina a mkamwini. Zinamuwawa kwambiri, chifukwa iye ankamukonda mayi wamakaniyu ngati mayi wake womubala. Pakamwa pake panali patalephera. Panatsala waya.

Zala zinathamanga. 254. 192. Kenaka zilembo, zokwana mzere wapansi wonse osatsala bokosi: MUSATSEGULE MAYI.

Kachitsulo kaja sikanalirenso.

"Bambo a Molly."

"Amayi?"

"Makina alankhula."

"Ati chiyani?"

"Ati musatsegule mayi. Mwaulemu wake, osati ngati anthu ena."

"Ndalemba ndine, amayi."

"Musadzikweze. Inu muli panja, katani ndi yotseka. Mwaona bwanji kuti dzanja langa lili pa chivindikiro?"

"Sindinaone, ndinamva kachitsulo."

"Makina aona okha. Aona mayi wachifundo akufuna kulakwitsa, andichenjeza."

"Makinawo alibe maso, amayi."

"Nanga Kesa amaphethira ndi chiyani?"

Yankho linalipo, lolondola, lokhala ndi mutu ndi miyendo, ndipo linafika mpaka pa lilime. Samson analiyang'ana yankholo, anayang'ananso katani, n'kulimeza lonse. Linali lowawa ngati mankhwala a malungo, koma linatsika.

"Zoona, amayi," anatero.

"Mwaona? Mukanakhala inu nokha bwenzi mutandisiya ndiphe anapiye a anthu. Manje auzeni abweze nambala, ndamva kale. Ndipo pakona pomalizira pamukhazike Kesa aziphethira, ndidziwe kuti muli moyo m'menemo."

"Si paja munati ndi wamwano?"

"Tazolowerana."

Anabweza nambala pansi pa D, n'kulamula kuti kabolodi kakamaliza kulemba kazituma kesa ku bokosi lomaliza akadikire kumeneko. Kenaka anadikira nawonso, wina kuno wina uko, khoma lili pakati. Mthunzi unachoka pa chidebe, Samson anasunthira chidebe ku mthunzi. Tiyi anabwera ndithu, dzanja lokha litatuluka pansi pa katani, pamodzi ndi mbatata yootcha. Nkhani zinkabwera pang'onopang'ono ngati za mpira wa pa wailesi.

"Kazungulira theka."

"Nambala ikuti bwanji?"

"Fili seveni kadontho seveni. Yasintha! Ili moyo!"

"Ndinanena kuti..."

"Idyani mbatata."

Samson anadya mbatata.

"Kakankha! Chigoba chagawanika! Mayo, mayo, katuluka! Konyowa, konyansa, kokongola! Kagwa chagada, kadzuka! Ndi ena awiri ayamba kujompha uko! Bambo a Molly, mukuona?"

"Sindikuona, amayi. Ndili panja."

A Dolika anali okha m'chipindamo. Tiyanjane anali ku msika, ana anali ku katekisimu, ndipo chimwemwe choterechi kuchiona wekha chimalemera pachifuwa.

"Kakuyang'ana babu ngati kakufuna kuthokoza. Iii, ntchito ya manja anu iyi, mwana wanga. Bwerani mudzaone."

Samson anadzuka msangamsanga mpaka chidebe chinagubuduka. Anazungulira nyumba, analowa pabalaza, anafika pa chitseko cha chipinda chija, n'kuima njo ngati wagunda khoma.

"Mukudikira chiyani?"

"Amayi, muno ndi m'chipinda mwanu. Mkamwini salowa."

"Ndikukuitanani ndine."

"Ngakhale muitane, mwambo sunanene kuti kupatula akaitana."

"Kakuuma kale, mutaya zokoma!"

"Mundifotokozere ndili pano. Ndimva."

Chitseko chinatseguka kwathunthu. A Dolika anaima pambali, duku litapendekeka, maso ali chonyowa, nkhope atalozetsa kukhoma monga mwa ulemu wake.

"Bambo a Molly, inu munaonapo chipinda cha apongozi chokhala ndi nkhuku? Muno ndi m'khola. Lowani, koma muvule nsapato."